Kalata ya Ukwati M'belo la Fodya

Bambo anga sasuta fodya. Amati fodya ngolima, ngogulitsa, komanso ngosungira mapepala. Ntchito yachitatuyi sindinaimvepo kwa mlimi wina aliyense kwathu kwa Chulu, koma m'nyumba mwathu inali lamulo.

Anali ndi chitini chachikulu chimene kale chinali cha mabisiketi, ngakhale palibe mwana wa m'nyumba mwathu amene analawako bisiketi ya m'menemo. Chitinicho chinkalendewera pa waya kudenga la kuchipinda kwawo, patali ndi khoma, kuti chiswe chikafuna kufikako chiyambe chaphunzira kuyenda pa waya. M'katimo munali mapepala onse a banja lathu, ndipo pakati pa pepala ndi linzake pankakhala tsamba la fodya. Bambo ankati chiswe, njenjete ndi mphemvu zimadana ndi fungo la fodya. Kaya n'zoona kaya ayi, ine sindidziwa. Chimene ndingachitire umboni n'chakuti palibe kachilombo kanadyapo pepala lathu, komanso palibe pepala lathu limene linkanunkhira ngati pepala.

Tsiku limene ndinapita kukayesedwa kuti ndilowe maphunziro a uphunzitsi, mayi wina wa magalasi analandira setifiketi yanga ya Fomu 4, n'kuinunkhiza, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mtsikana iwe, umasuta?"

Ndinafuna nthaka itseguke. Nditabwerera kunyumba ndinapempha mapepala anga onse kuti ndizisunga ndekha. Bambo anandipatsa, koma anakhala sabata yathunthu akundiyankha ndi mutu wokha, ngati ndalengeza kuti ndatuluka m'banja.

Chaka chilichonse, akatha kusankha fodya, ankatsitsa chitinicho, kuyala mphasa pakhonde, n'kusintha masamba akale. Mapepalawo ankawasanja mmene amasanjira fodya, potsata magiredi. Pansi penipeni pankakhala malisiti a feteleza ndi mapepala a ku okushoni. Pakati pankakhala makhadi athu a kusikelo ndi malipoti a kusukulu, kuphatikizapo aja amene ife eni ake tikanakonda kuti chiswe chitithandize nawo. Pamwamba pankakhala makhadi a ubatizo, ndipo pamwamba pa zonse pankagona kalata ya ukwati wawo ndi amayi. Tsamba lokhudza kalata imeneyi linkakhala labwino kuposa onse a chaka chimenecho, lalitali, lofiirira bwino, lopanda kachibowo. Amayi ankadandaula kuti tsamba lotere likanapita ku okushoni, koma ankadandaula akumwetulira. Kalatayo sankaigwira. Ankangoiona ili m'manja mwa bambo, kenako n'kubwerera ku ntchito zawo.

Zinayenda choncho mpaka chaka chimene amayi anaganiza zovala yunifolomu ya amayi a mumpingo.

Nkhani ya yunifolomuyi inali yakale. Amayi ankasirira anzawo akamadutsa Lachinayi atavala mabulauzi oyera ndi maduku oyera, akupita kukaona odwala, koma nthawi zonse pankakhala chowagwira mwendo: mwana kumsana, nazale yofuna madzi, fodya wofuna kusoka. Ife titakula n'kubalalika, anati tsopano basi. Analowa maphunziro ake, osajomba ngakhale mvula igwe bwanji. Bulauzi anasoketseratu kwa telala, n'kuipinda bwinobwino m'sutikesi. Ndikapita kumudzi pa tchuthi, pakuti pa nthawiyi n'kuti ndikuphunzitsa ku boma, ankaitulutsa n'kundionetsa ngati sindinaionepo.

Ndiye kunabwera abusa atsopano, munthu wachinyamata, waulemu, koma wokonda kuti chilichonse chikhale ndi pepala lake. Analengeza kuti mayi aliyense wapabanja amene akuyembekeza kuvekedwa yunifolomu abweretse kalata ya ukwati wake. Amene kalata yake inatayika, akaone m'buku la tchalitchi chimene anamangitsira ukwatiwo. Makolo anga anamangitsa kwawo kwa amayi, kufupi ndi Kaluluma, ndipo zinali zodziwika kuti mabuku akale a kumeneko anadyedwa ndi chiswe mpaka kutsala zikuto zokha. Bambo atakumbutsidwa zimenezi anaseka monyada.

"Akanaikamo fodya," anatero. "Ife zimenezo sizitikhudza, Mayi. Yathu ilipo."

Inali nthawi ya tchuthi cha Isitala, fodya atauma m'zigafa, mudzi wonse ukununkhira ntchito. Ine ndinali pomwepo pamene bambo anakwera pampando n'kumasula chitini chawo, ndipo nkhope yawo ndinaiona pamene anachitsegula. Mvula yamphamvu ya chaka chimenecho inaboola denga pamalo pomwe anamangirira waya. Madzi anatsata wayayo mwaulemu, dontho ndi dontho, mpaka m'chitini. Mapepala a pansi anapulumuka. Chinanyowa ndi chija cha pamwamba pa zonse. Zilembo zinkawerengeka ndithu, chidindo cha mpingo chinkaoneka, koma pepalalo linauma lili makwinyamakwinya, m'mphepete mutapindika ngati chikopa cha mbuzi choumira padzuwa.

"Palibe kanthu," anatero amayi. "Abusa akufuna mawu ake, osati kukongola kwake. Apo ayi ndiike makala m'simbi tiisite pang'ono."

"Simbi? Mukufuna muiotche?"

Ine ndinati ndiitenge ku boma akaimate pulasitiki, monga achitira anthu onse masiku ano. Bambo anandiyang'ana ngati ndanena zoti tiiponye m'chimbudzi. Anati makina a ku boma amameza mapepala, ndipo mnyamata woyendetsa makinawo akangoti pepani, nkhani yathera pomwepo. Koma kupereka kwa abusa pepala lamakwinya, iwo, munthu wodziwika mudzi wonse pa nkhani yosunga zinthu, zimenezo ndiye sakanalola. Anaima pakhonde akuganiza, kenako maso awo anagwera pa jeke.

Kwa amene sanakulire ku fodya: jeke ndi chibokosi chamatabwa chodindiramo fodya kuti akhale belo. Mumayala chiguduli, mumasanjamo fodya, pamwamba mumaika thabwa, ndiye amuna amazunguza chitsulo chimene chimapanikiza fodyayo mpaka kulimba gwa. Tsiku limenelo m'jeke munali fodya wofika chapakati, belo losamaliza.

"Pali chinthu chowongola kuposa ichi?" anafunsa bambo.

Anasankha masamba awiri abwino, anagoneka kalata ija pakati pake, anaika pamwamba pa fodya wa m'jekemo, anafunditsa ndi masamba ena kuti thabwa lisaidetse, n'kuzunguza chitsulo pang'onopang'ono, mwachikondi. Anati pofika mawa idzakhala yosalala ngati yangolembedwa kumene. Kunena zoona, nanenso ndinaona ngati nzeru. Madzulo a tsiku lomwelo ndinakwera kabaza kubwerera ku boma, pakuti sukulu inali pafupi kutsegulidwa.

Zotsatirazi ndinachita kuuzidwa, koma ndauzidwa kambirimbiri ndi anthu osiyanasiyana moti ndimaziona ngati ndinalipo. Kutacha kunabwera uthenga wa maliro a msuweni wa bambo, kutali, kwa Njombwa. Pa maliro munthu sayamba waganiza za jeke. Bambo ndi amayi ananyamuka mothamanga, ndipo anagonera komweko.

Kumudzi kunatsala bambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo, amene timagwiritsa nawo jeke imodzi. Bambo aang'ono ndi munthu wamtima wabwino, koma khama lawo limawabwerera pa nthawi imene palibe wawapempha. Anamva kuti lole ya kalabu yathu ya alimi ibwera kudzatenga mabelo, ndipo anati achimwene asatsalire chifukwa cha maliro. Anamasula jeke, anaona fodya wosakwana belo, anawonjezera wina pamwamba, anadinda, anasoka chiguduli. Anadindanso ena onse otsala, thukuta lili kamukamu. Lole itabwera anakweza okha. Makolo anga pobwerera anawapeza atakhala pakhonde pathu, atapinda miyendo, akudikira kuthokozedwa.

Bambo sanalowe n'komwe m'nyumba. Analunjika ku jeke, anasuzumiramo, anapeza muli mbee.

"Fodya anali umu ali kuti?"

"Ali pa ulendo, achimwene. Musadandaule, zonse ndakonza."

"Belo la m'jekemu?"

"Limenelo ndiye linatuluka bwino kuposa onse. Pakati pake ndinaona munaikapo masamba okongola zedi."

Amati amayi anatula kathumba kawo pansi, anakhala pa sitepe ya khonde, anavula nsapato imodzi, inayo n'kuiiwala. Amayi akakwiya kwambiri Chitumbuka cha kwawo chimawabwerera.

"Yayi, Chiuta wane! Bambo inu, mwagulitsa ukwati wanga?"

"Sunagulitsidwe, Mayi," anayankha bambo motsitsa mawu. "Ukadali m'njira."

Bambo anga saimba foni. Amangofulasha, n'kudikira kuti mwana amene anam'phunzitsa sukulu aimbe. Choncho nditaona foni ikulira osaleka, dzina lawo lili pamenepo, ndinadziwa kuti kwagwa chinthu. Anati ndiwadikire pa depoti ya fodya ku boma komweko. Anafika pa njinga yawo fumbi lili thupi lonse, jekete limene anapita nalo kumaliro akadali chivalire.

Pa depoti panali mabelo osanjikizana mpaka kudenga, onse ofanana. Tinapeza kalaliki akudya chinangwa chootcha. Bambo anavula chipewa, anawerama, n'kufotokoza nkhani yawo monong'ona. Kalalikiyo anati sanamve. Bambo anabwereza. Iye anasiya kutafuna, anaitana anzake awiri, n'kupempha kuti abwerezenso kachitatu. Ine magazi anawira, ndinali pafupi kumuuza mawu oti sakanawaiwala, koma bambo anandigwira mkono. Atatha kupukuta misozi ya kuseka, kalalikiyo anatiuza kuti mabelo a kalabu yathu ananyamuka kale kupita ku okushoni, ndipo kumeneko mlimi sangalowe n'kumasula belo ngati ali pakhomo pake.

"Komanso mdala, mwadziputira mavuto," anawonjezera. "Pepala m'belo ndi zinyalala. Ogula akamasolola fodya n'kulipeza, belo limenelo saligula. Amalibweza."

Nkhope ya bambo inawala.

"Amabweza? Mwati amabweza kwa mwini wake?"

Kalalikiyo anandiyang'ana ine, ngati akufunsa ngati mdalayu zikumuyendera bwino m'mutu. Pa depoti imeneyo panadutsa alimi ambirimbiri, koma sindikhulupirira kuti anaonapo wina akusangalala ndi mawu amenewo.

Ndiye inayamba nyengo yodikira. Aliyense wolima fodya amaidziwa nyengo imeneyi: munthu amagona khutu lili kumsewu, mtima uli m'mwamba, kupempha kuti mabelo ake adutse bwino. Mudzi wonse unkapempha zimenezo. Bambo anga okha ndi amene ankapempha kuti fodya wawo akanidwe. Loweruka lina nditapita kumudzi ndinawamva akupempherera chakudya. Anathokoza chifukwa cha mvula, anatchula odwala, kenako anakhosomola pang'ono n'kuti, "Ambuye, Inu mukudziwa belo limene ndikunena." Ine ndinaluma mlomo kuti ndisaphulike. Ameni wa amayi anatuluka mochedwa, ndiponso wouma.

Bambo aang'ono anabwera ndi nkhuku yopepesera alamu awo. Amayi anailandira, anaiphika, anawagawira ntchafu, ndipo anawauza kuti alibe nawo mlandu, popeza munthu wanzeru zake sangaganize kuti m'jeke mungakhale ukwati.

Koma kuseka kwa m'mudzi sikunakhale kuseka kokha. Ku mjigo nkhani inayamba kusintha kamvekedwe. Wina anafunsa kuti kodi kalatayo alipo anaiwerengapo. Wina anati n'zodabwitsa kuti pepala likhale zaka zonsezi, n'kudzasowa sabata yomwe abusa alifuna. Amayi anga anabwera m'mudzi muno pa chitengwa, kuchokera kutali, ndipo ukwati wawo anthu ambiri a kuno sanauone ndi maso. Anabereka ana kuno, anaika maliro a apongozi awo kuno, anaphika pa zinkhoswe za ana a anthu omwewo. Koma zinangotengera pepala limodzi kusowa kuti ena ayambe kunong'ona kuti mwina ukwatiwo unali wongolowana. Zimenezi zinandipweteka kwambiri, ndipo mpaka lero pali amayi awiri m'mudzimo amene ndimawapatsa moni wa pakamwa pokha.

Yankho la ku okushoni linabwera pa njinga. Tcheyamani wa kalabu analowa m'mudzi akuliza belu kuyambira kumsewu, mapepala ali m'thumba la malaya. Anaima pakhomo pathu asanapite kwina kulikonse.

"Akulu, chaka chino mwatiposa tonse! Fodya wanu wadutsa bwino zedi."

"Mabelo onse?" anafunsa bambo.

"Onse!"

"Palibe ngakhale limodzi limene..."

"Ngakhale limodzi! Ogula anachita kulimbirana."

Bambo anathokoza, analandira mapepala awo, n'kupita kukakhala m'chigafa chopanda fodya, pa chitsa, atagwira tsaya. Anthu obwera kudzawayamikira ankafika akuseka, n'kubwerera akuyenda chonyang'ama ngati achokera pa siwa. Chinali chaka chabwino kuposa zonse zimene bambo analimapo. Kalata ya ukwati wa makolo anga inakwera sitima ya pamadzi kupita kumayiko amene eni akewo sadzafikako.

Kwa abusa tinapita atatu. Bambo anafotokoza zonse, kuyambira pa waya mpaka pa belu la tcheyamani. Abusa anayesetsa ndithu, ndiwayamikire. Anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi, anavula magalasi n'kuwapukuta, koma pa mawu akuti jeke anagonja. Atapepesa, anati iwo akukhulupirira zonse, koma lamulo analigwirizana ndi akulu a mpingo, ndipo amayi ena anabwezedwa kale pa chifukwa chomwecho. Pafunika kalata, kapena buku, kapena ankhoswe amene anaimira ukwatiwo. Kalata inali panyanja, buku linali m'mimba mwa chiswe, ankhoswe onse awiri anatisiya kalekale.

"Njira yatsala imodzi," anatero abusa. "Tidalitse ukwati wanu mwatsopano pamaso pa mpingo, ndikulembereni kalata ina. Tikhoza kuchita Lamulungu lomwelo la mayunifolomu, mwambo usanayambe."

Ine ndinaona ngati nkhani yatha bwino. Ndinali ndisanayang'ane amayi.

"Abusa," anatero mofatsa, "amene amaima kutsogolo kudalitsa ukwati atakalamba ndi aja anatengana kumbali. Mpingo wonse umadziwa zimenezo. Ine ndikaimepo, ndiye kuti a ku mjigo aja ananena zoona."

"Mayi, anthu amvetsa."

"Anthu ake ati? Ine ukwati ndinamanga kamodzi, masana, bambo anga akuona. Yunifolomu ikhale."

Anaimirira, anagwada pang'ono mwaulemu, n'kutuluka. Tsiku lomwelo anatulutsa bulauzi ija m'sutikesi, anaikulunga m'pepala la pulasitiki, n'kundipatsa kuti ndipite nayo ku boma ndikapatse aliyense amene ingamukwane. Ndinailandira chifukwa ndinaona kuti ndikakana alira, ndipo amayi anga sakonda kulira pamaso pa ana.

Masabata otsatirawo pakhomo panazizira. Amayi sanakalipe, sananyanyale ntchito. Ankaphika, ankapereka madzi osamba, ankayankha akafunsidwa. Chimene anasiya ndi kuwaseka bambo. Makolo anga akhala moyo wawo wonse akunyogodolana, za mpando wothyoka umene bambo akhala akulonjeza kukonza, za tiyi wa amayi amene bambo amati ndi madzi ofiira. Zonsezo zinatha. Lachinayi anzawo akamadutsa kupita ku maphunziro omaliza, amayi ankapezeka kuseri kwa nyumba akupeta chimanga chopetapeta kale. Bambo anayamba kuonda. Ndalama ya fodya uja inabwera, anagula malata n'kukonza denga lonse, koma palibe anayamikira dengalo.

Tsiku lina ndikuphunzitsa, ndinaona kudzera pawindo njinga yodziwika itatsamira mtengo wa pasukulu. Bambo anali ataima pambali pake, chipewa chili m'manja.

"Bulauzi ija unapatsa munthu?"

"Ayi, Ababa. Ili m'nyumba."

"Uisite. Ubwere nayo Lamulungu."

Ndinafunsa ngati amayi asintha maganizo. Anati ayi. Anati alankhula ndi abusa, ndipo amayi angowapempha kuti apite kutchalitchi monga mwa masiku onse, akamve zimene zikanenedwe. Akapanda kukhutira, asaimirire, ndipo sipadzakhala wowakakamiza. Zimene zikanenedwezo anakana kundiuza. Anakwera njinga n'kubwerera, osamwa ngakhale madzi.

Lamulungulo tchalitchi chinadzaza mpaka ena kukhala m'mawindo, chifukwa tsiku la mayunifolomu limakoka achibale a kutali. Amayi oti avekedwe anakhala kutsogolo, pa benchi yawoyawo. Amayi anga anakhala kumbuyo, pakati pa gulu, atavala chitenje chawo cha masiku onse. Ine ndinakhala pambali pawo, bulauzi ili m'chikwama changa.

Zolengeza zitatha, abusa anati pali bambo wina amene wapempha kulankhula. Bambo anga anaimirira. Muwadziwe bambo anga: munthu wosakonda kusekedwa, amene amatha kusiya kupita kumsika mwezi wathunthu chifukwa wina anamuseka kuti wagwa pa njinga. Anayenda mpaka kutsogolo, anatembenuka, anakonza jekete.

"Abale ndi alongo, ine ndine uja ndinadinda kalata ya ukwati m'belo la fodya."

Tchalitchi chinaphulika. Ana a kwaya anagwerana, akulu a mpingo anabisa nkhope m'mabuku a nyimbo. Bambo anadikira. Kenako anafotokoza zonse mwadongosolo, osadumpha kanthu: kuti akazi awo anati tisite ndi simbi iwo n'kukana, kuti mwana wawo anati tipite nayo ku boma iwo n'kukana, kuti anapemphera masabata angapo kuti fodya wawo akanidwe ndipo Mulungu anaona kuti pempherolo n'lopusa. Pa chiganizo chilichonse anthu ankaseka, ndipo iwo anaima pomwepo n'kulandira kuseka konseko, thukuta likutsika m'khosi.

Atatha anakweza dzanja, ndipo phokoso linatsika.

"Mwaseka, ndipo mwachita bwino, nkhaniyi njoseketsa. Muzindiseka ine mpaka ndidzafe, ndavomera. Koma mayi amene akhala apowo ndinakawatenga kwawo masana, pa tchalitchi, belu likulira, abale awo ndi anga akuona. Sanalowe m'nyumba mwanga kudzera kuseri. Kalata anaipereka m'manja mwanga kuti ndisunge, ndipo wotaya ndine. Amene ali ndi funso pa ukwati umenewu abwere afunse ine, pakhomo panga mukupadziwa. Asakafunse ku mjigo."

Ndinaona maduku angapo akuwerama. Bambo sanabwerere pamalo pawo. Anatembenukira kwa abusa n'kuima pomwe amaima mkwati, okhaokha, manja ali kumbuyo, osacheuka.

Amayi sanasunthe. Ankayang'ana manja awo. Mwana wina analira kumbuyo, mayi ake n'kumutontholetsa. Ine ndinkaona khosi la bambo likunyowa, ndipo ndinayamba kuganiza za mmene ndikawachotsere pamenepo. Kenako ndinamva benchi ikulira. Amayi anaimirira, anamasula chitenje n'kuchimanganso bwino, osafulumira ngakhale pang'ono, ndipo anayenda pakati pa mpingo wonse mutu uli chilili mpaka kukaima pambali pa amuna awo. Nthungululu inayambira kwa amayi a benchi ya kutsogolo ija.

Abusa anatsegula buku lawo n'kuyamba ndi bambo. Asanamalize n'komwe funso, bambo anali atayankha kale kuti eya, mokweza, ngati akuopa kuti mwayi uwadutsa. Anthu anasekanso. Ndiye abusa anatembenukira kwa amayi.

"Kodi inu mayi, mukulola kuti bambo awa akhale mwamuna wanu?"

Amayi anatembenuka n'kuwayang'ana bambo bwinobwino, kuyambira ku imvi mpaka ku nsapato, mmene amayang'anira nsalu pamsika asanagule. Abusa anakhosomola.

"Abusa," anatero amayi, mawu awo akumveka mpaka kukhomo, "ulendo woyamba uja ndinavomera ndisakuwadziwa bambowa. Ndinali mwana, ndinkangoyang'ana pansi. Lero ndikuwadziwa bwinobwino, ndi makani awo omwe, ndi jeke yawo yomwe. Eya, ndikulola."

Chimene chinachitika m'tchalitchimo sindingachifotokoze bwino, chifukwa nanenso ndinali nditaimirira ndikukuwa pamodzi ndi anthu onse. Ndili kumbuyoko ndinaona mapewa a bambo akugwedezeka, ndipo ndinati nawonso agonja, ayamba kuseka. Koma pamene ndinapita kutsogolo kukapereka bulauzi ija, ndinaona kuti sakuseka. Bambo anga, amene sindinawaonepo akugwetsa msozi ngakhale pa maliro a mayi awo, anali ataphimba nkhope ndi kampango, akulira ngati mwana. Amayi anawagwira pa chigongono n'kuwakhazika pa benchi, kenako anapita kukaima pa mzere ndi anzawo.

Anavekedwa tsiku lomwelo, bulauzi yoyera ndi duku loyera, ndipo anaoneka bwino kwambiri. Bambo anali pa benchi ya kutsogolo penipeni, koma sanaone kalikonse. Mpaka lero amatifunsa ife kuti mwambowo unayenda bwanji.